Musalole kuti mmisiri aseme gitala yanu musanapeze gwero la phokoso

Achimwene, mwafunsa ngati kusintha pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) kungathetse kung'ung'uza kwa gitala yanu. Musapereke gitala imeneyo kwa mmisiri musanadziwe chimene chikuchititsa phokosolo, chifukwa ganizo lomweli lochotsa single coil (pickup ya koilo imodzi) n'kuikapo humbucker (ya makoilo awiri) ndi limene linandiwonongetsa gitala yomwe ndinkaidalira. Yanganso inali ya kapangidwe ka Stratocaster ngati yanuyo, ndipo inkang'ung'uza kwambiri tikamaimbira jenereta magetsi atazima.

Ndinaipereka kwa bambo wina amene amakonza ma amplifaya ndi masipika m'tauni, ndipo ananditsimikizira kuti ntchito imeneyi amaidziwa ndiponso kuti ali ndi humbucker ya Seymour Duncan JB yeniyeni imene angandigulitse. Anandizengereza mpaka madzulo a Lachisanu, pamene mawa lake gulu lathu linali ndi ukwati woti likaimbe, moti ndinaitenga kutada kale, mpata woiyesa panalibe. Tsiku la ukwatilo holo inali yodzaza, akwati ataima pakhomo kudikira kuti nyimbo yolowera iyambe, ndipo woyamba kuimba ndinali ineyo. Nditangokweza volume, gitala inalira mluzu wakuthwa woboola m'makutu mpaka ana anatseka makutu ndi manja, ankhoswe anatembenuka, ndipo mwambo wonse unaima anthu akuyang'ana ine. Ndinagwira nsambo kuti zisiye kunjenjemera koma mluzuwo sunaleke. Ndinasuntha switchi yosankhira pickup kupita pa malo achiwiri, pomwe ma pickup awiri amagwira ntchito limodzi, mawu amene anatuluka anali opyapyala ngati a kawailesi kotha mabatire. Mtsogoleri wa gulu anandikodola kuti ndizimitse amplifaya, wa keyboard anayamba nyimboyo yekha, ndipo ine ndinaima pamenepo mpaka perekaniperekani yense kutha nditakolekera gitala yosalira, thukuta likuyenderera kumsana. Eni ukwati anadula ndalama zimene tinagwirizana, ndipo anzanga sanandilankhule m'galimoto ulendo wonse wobwerera.

Mnzanga wodziwa zamagetsi atamasula pickguard (pulasitiki yophimba mawaya kumaso kwa gitala), ndinapsa mtima kuposa mmene ndinachitira m'holo muja. Bambo uja anasema thupi la gitala ndi tchizulo kuti humbucker ilowe, thabwa linang'aluka kufika pafupi ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala), ndiyeno anabisa zonsezo pansi pa pulasitiki osandiuza kanthu. Pickup imene anandigulitsa inali yabodza. JB yeniyeni ukaiyeza ndi multimeter imasonyeza pafupifupi 16k (ma ohm 16,000), koma imeneyi inali kutali ndi pamenepo, komanso makoilo ake sananyikidwe mu phula, n'chifukwa chake ankanjenjemera n'kumagwira mawu ngati maikolofoni. Mawaya anangolumikiza mongoganizira, pickup yatsopano ndi yapakati zinkatsutsana phase (mawu ake ankafafanizana), ndipo pot ya volume (kachipangizo kokwezera ndi kutsitsira mawu) anasiya yakale ya 250k pamene humbucker nthawi zambiri imafuna 500k kuti mawu asamveke otsekeka. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti single coil yanga yakale anakana kundibwezera, akuti anaitaya, pamene tonse tikudziwa kuti anaigulitsa kwa wina. Munthu wotere alibe chisoni ndi chida chimene mnzake amadyera, ndipo nditamufunsa anandiyankha mwamwano kuti vuto ndi zala zanga.

Tsono inuyo yambani mwayesa zinthu zosafuna ndalama. Ikani switchi pa malo achiwiri kapena achinayi. Ngati kung'ung'uzako kwatha, ndiye kuti ndi chibadwa cha single coil, imene imatola phokoso la magetsi athu a 50 Hz, ndipo limathera pamenepo chifukwa pa magitala ambiri amakono pickup yapakati amaikulunga mosemphana ndi zinzake. Kenako gwirani nsambo. Phokoso likachepa, waya wa earth wopita ku bridge uli bwino, ndipo chimene chingakuthandizeni ndi kumata tepi ya kopa m'kati mwa mabowo ndi kunsi kwa pickguard. Likapanda kusintha, tsegulani kumbuyo muone ngati waya wowotcherera pa kachitsulo kogwira masipuling'i sunaduke. Onaninso soketi imene mumalumikizako amplifaya, chifukwa m'maholo ndi m'matchalitchi ambiri earth mulibe, ndipo pamenepo ngakhale pickup yodula chotani singathetse phokoso lonse, komanso mukhoza kugwidwa ndi magetsi pakamwa mukayandikira maikolofoni.

Ganiziraninso nyimbo zimene mumaimba. Humbucker, imene Seth Lover anakonzera kampani ya Gibson mu 1955, ili ndi makoilo awiri amene amafafaniza phokoso, koma mawu ake ndi onenepa ndi olemera. Ngati mumaimba sungura kapena nyimbo zauzimu zofuna lead yoyera yomveka nsambo iliyonse payokha, mudzaulakalaka kuwala kwa single coil mukangoichotsa.

Komabe sindikukuletsani, chifukwa pa bridge humbucker imathandizadi, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito distortion. Gulani ya msinkhu wa single coil monga Seymour Duncan Hot Rails kapena DiMarzio Fast Track, imene imalowa pamalo akale popanda kusema thabwa, ndipo muiyeze ndi multimeter wogulitsa akuona musanalipire. Samalani ndi mitundu ya mawaya popeza makampani sagwirizana. Pa Seymour Duncan wakuda ndiye wopita ku switchi, wobiriwira ku earth, wofiira ndi woyera mumawalumikiza pamodzi, pamene pa DiMarzio wofiira ndiye wopita ku switchi, wobiriwira ku earth, wakuda ndi woyera pamodzi. Mukamva mawu opyapyala pa malo achiwiri mutaika Seymour Duncan, sinthanitsani wakuda ndi wobiriwira, koma waya wopanda chikopa usiyeni ku earth. Mukatha, dinani nsambo pa fret yomaliza (kachitsulo komaliza ka pakhosi pa gitala) ndipo musiye mpata wa mamilimita 2 mpaka 2.5 pakati pa nsambo ndi pickup, chifukwa maginito akayandikira kwambiri amakoka nsambo n'kusokoneza mawu.

Ine ndinganene kuti ntchito yonseyi muigwire nokha ndipo musakhulupirire aliyense, koma ngati simunawotchererepo mawaya musaphunzirire pa gitala imeneyi, chifukwa pot imapsa msanga mukaitenthetsa nthawi yaitali. Pezani mmisiri amene oimba anzanu amugwiritsapo ntchito, mukhale pomwepo akamagwira, mujambule mawaya asanachotse kalikonse, ndipo pickup yakale mutuluke nayo m'thumba mwanu tsiku lomwelo. Usiku uno masulani pickguard, mujambule m'kati n'kuika chithunzicho muno, chifukwa magitala ena otengera Stratocaster amabwera ali ndi bowo lalikulu kale, ndipo tikaliona tikuuzani ngati humbucker yaikulu ingalowe popanda tchizulo.