Sopo wa ufa mu sipuleya: yankho kwa mlimi wa maapozi ku Namwera

Bambo wina wa ku Namwera wanditumizira imelo. Ali ndi mitengo yochepa ya maapozi, nsabwe zapiringiza masamba a kunsonga, ndipo panthambi pakuoneka zoyera ngati thonje. Mnzawo anawauza kuti azithira sopo wa ufa mu sipuleya kuti mankhwala "agwire". Akufunsa ngati zimathandizadi, komanso ngati poizoni satsalira m'zipatso zomwe ana amadya.

Zikomo bambo. Ndinayamba ndadabwa kumva za maapozi m'boma lathu lino la Mangochi, kenako ndinakumbukira kuti kwanuko n'kumtunda, sikuli ngati kuno kunyanja kumene dzuwa la Okutobala silisewera.

Mnzanuyo sananame kotheratu. Tathirani madzi pa tsamba la kabichi muone: amangogubuduzika n'kugwa pansi. Zoyera mukuzionazo si thonje ayi, ndi phula lomwe mtundu wina wa nsabwe (Eriosoma lanigerum) umadzikuta nalo, ndipo limakana madzi chimodzimodzi. Ndiye mankhwala akhoza kukhala abwinobwino koma osafika pathupi pa kachilomboko. Ichi n'chifukwa chake m'mashopu a zaulimi mumapezeka zosakaniza zina zothandiza dontho kufalikira, zina zomatira kuti mvula isakokolole (zija timati sitika), zina za mafuta zothandiza mankhwala kulowa m'tsamba. Palibe mwa izi chimene chimawonjezera ukali wa poizoni. Ntchito yake n'kusintha malo amene mankhwala atsalire ndi nthawi imene akhalepo.

Apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likulowera. Chomwe chikuletsa mvula kutsuka mankhwala patsamba chikuchitanso zomwezo pa khungu la chipatso. Masiku odikira musanakolole, olembedwa pa lebulo ya botolo, musawachepetse ngakhale limodzi, ndipo ine ndikathira sitika ndimawonjezerapo ena. Kutsuka chipatso kumachotsako za pamwamba zokha. Mankhwala oyenda m'kati mwa mtengo monga dimethoate, imidacloprid ndi acetamiprid madzi sawafikira. Dimethoate yemweyu mayiko a European Union anamuletsa mu 2019, ngakhale alimi ambiri kuno amamudziwa bwino. Mukamagula, onetsetsani kuti botolo ndi lovomerezeka ndi Pesticides Control Board ya ku Bvumbwe, osati zotungira m'timabotolo pamsika.

Koma sopo wa ufa ayi, musiyeni achape zovala. Ali ndi soda wambiri, amawaula masamba anthete, ndiponso amafooketsa mankhwala ngati dimethoate ndi malathion akadali mu sipuleya momwemo. Madzi a m'mijigo ina ndi a m'nyanja amachitanso zofananako pang'onopang'ono, choncho osasungunula madzulo kuti mudzapopere mawa. Chinanso chimene ambiri sachidziwa: mukachulutsa chofalitsa dontho, mankhwala amayenderera n'kudontha pansi, patsamba n'kutsala ochepa kuposa mukadapanda kuthira. Ndalama zathera m'dothi. Za mafuta nazo zimawotcha masamba kukatentha, makamaka mukaziphatikiza ndi mankhwala a matenda a mbewu monga sulphur kapena captan. Poperani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo mitengo ikakhala ndi maluwa ilekeni chifukwa cha njuchi.

Pa mitengo yochepa ngati yanuyo ine ndikadayamba ndi nyerere. Zimaweta nsabwe ngati mbuzi pofuna timadzi totsekemera tomwe nsabwe zimatulutsa, ndipo zimathamangitsa tizilombo tofiira ta madontho akuda tija timene timadya nsabwe. Pali timavu tating'ono kwambiri (Aphelinus mali) timene timaikira mazira m'thupi la nsabwe za thonjezi. Cypermethrin, mankhwala ophera tizilombo, amapha adani a nsabwe onsewa, n'chifukwa chake ena akapopera nsabwe zimabweranso zochuluka. Ndi woopsanso kwambiri kwa nsomba, ndiye sipuleya osakatsukira kumtsinje. Madzi akakokolola, nsomba za kumunsi ndi zomwe zimalipira.

Dulani nsonga zopiringizikazo n'kuzitentha, chifukwa m'tsamba lopindika dontho silifikamo. Kenako mufukule pang'ono patsinde. Nsabwe za thonje zimakhalanso kumizu, kumene zimatupitsa timfundo, ndipo zimakwera kuchokera kumeneko mukapha za pamwamba. Mukapeza timfundoto, kawaonetseni alangizi musanagule botolo lina.