Ufa wa "stem cell" ndi zimene zikuchitika mu labotale

Mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, andilembera imelo. Mdzukulu wawo ali ndi sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, ndipo pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo anawerenga zoti asayansi ayamba kuchulukitsa ma stem cell mu labotale. Akufunsa ngati ufa wa m'timapaketi tolembedwa "stem cell", umene anthu akutsatsa m'tauni muno, uli womwewo.

Ayi mayi, si womwewo, ndipo musatayirepo ndalama. Selo ndi chinthu chamoyo. Simungaliumitse, kulisungunula m'kapu, n'kuyembekezera kuti likafike m'mafupa.

Ndatchula mafupa chifukwa ndi mmene mumakhala ma stem cell opanga magazi, m'mafuta aja timayamwa tikamadya fupa la ng'ombe. Ndiwo mbewu ya magazi onse, ndipo ntchito yawo ndi yaikulu: pa sekondi iliyonse thupi limapanga maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni. James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto ndi amene anasonyeza mu 1961, poyeza mbewa, kuti mbewuyi ilipodi.

Chimene chavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri n'chakuti mbewu imeneyi imakana kukhala mbewu ikachotsedwa kwawo. Amaiika m'kambale, pamalo ofunda madigiri 37 ngati thupi la munthu, n'kuipatsa chakudya ndi mapuloteni oilimbikitsa kugawikana. Imagawikanadi, koma ana ake amafulumira kukhwima n'kusanduka maselo wamba a magazi. Zili ngati kusunga chimanga chodzala, m'mawa n'kupeza chonse chagayidwa. Ufa ulipo, koma chodzala palibe. Choncho kuchuluka kwa maselo m'kambale si umboni. Umboni umapezeka akawaika mwa mbewa yomwe mafuta ake a m'mafupa awonongedwa, n'kuona ngati ikupanganso magazi kwa miyezi ingapo.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha mu 2019. Ofufuza a ku Tokyo ndi Stanford anachotsa albumin, puloteni wa m'magazi, m'chakudya cha maselo n'kuikamo polyvinyl alcohol, yemwe amapezekanso mu guluu wa ana asukulu. Maselo a mbewa anachuluka maulendo mazanamazana m'masiku 28, osataya mphamvu yawo. A munthu ndi ovutirapo, komabe mu 2023 dziko la America linavomereza Omisirge, maselo a magazi a mumchombo wa khanda ochulukitsidwa mu labotale, kuti azithandiza odwala khansa ya m'magazi.

Chaka chomwecho anavomerezanso Casgevy, chithandizo cha sickle cell: amatenga maselo a wodwala mwiniwake, n'kusintha jini, n'kuwabwezera. Mtengo wake ku America umaposa madola 2 miliyoni, ndipo wodwala amayamba walandira chemotherapy, mankhwala amphamvu aja a khansa. Zimandiwawa kulemba zimenezi, podziwa kuti ana ambiri obadwa ndi matendawa ali mu Africa muno.

Mdzukulu wanuyo, mayi, azimwa madzi ambiri, azifunda bwino m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndipo akatentha thupi muzithamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukadzaonana ndi adokotala kuchipatala cha Parirenyatwa, mudzawafunse ngati mwanayo angayambe kumwa hydroxyurea, mankhwala amene amachepetsa kubwerabwera kwa ululu wa matendawa.