Za mkwatulo, kuyankha mayi a ku Tsangano aja

Mayi, mwafunsa kuti mkwatulo ndi chani kwenikweni, poti mwana wanu waonera kavidiyo pa WhatsApp ka anthu akuzimiririka pamsewu zovala nkutsala pansi ndiye masiku atatu sakugona, chonsecho ku Katolika kwanuko simunamvepo bambo mfumu akulalika zimenezi. Ndaona makomenti ambiri apa ndi ongoopseza basi, ndiye ndati nane ndiponyepo zanga, pepani zitalika.

Mawuwo ndi Chichewa chathu chomwechi, kukwatula. Kabawi akatsika nkunyamula mwanapiye pabwalo make ali kukuwa pambuyo, wakwatula ameneyo. Wakuba akakutsomphola foni pawindo la shapa (minibasi), wakwatulanso. Ndi kutenga mwamphamvu, mwadzidzidzi. Za ukwati mulibemo ayi, mdzukulu wanga ankayesa ndi tsiku loti aliyense adzakwatire kkkk.

Vesi lake ndi 1 Atesalonika 4:17, Buku Lopatulika likuti "tidzakwatulidwa nao pamodzi m'mitambo", m'Baibulo la Chipwitikizi muli seremos arrebatados, mpake azibusa a mtauni mu Tete muwamva akuti arrebatamento. M'Chigiriki chomwe Paulo analembera mawu ake ndi harpazo, ndipo si mawu a chimaliziro okha, ndi omwewo pa Yohane 10:12 pomwe mmbulu ukugwira nkhosa, ndi omwewonso pa Machitidwe 8:39 pomwe Mzimu anamuchotsa Filipo atangobatiza mdindo wa ku Etiopia uja, ndiye Filipoyo sanapite kumwamba ayi, anakapezeka ku Azoto akulalika.

Tsono chimene chimandiwawa ine ndi ichi, anthu amatola vesi 17 lokha osayamba pa 13. Kalatayi Paulo anailemba cha m'chaka cha 50 kapena 51 AD, kulembera kampingo katsopano komwe kanali pa maliro. Abale awo ena anali atamwalira ndiye otsala anali ndi nkhawa kuti nanga Yesu akabwera, anzathu tawaika m'manda aja ndiye kuti zawapita? Paulo akuti ayi, akufa mwa Khristu ndi amene adzayambe kuuka, kenako amoyo adzatengedwa nawo limodzi, palibe wopitirira mnzake. Nkumaliza pa vesi 18 kuti muzitonthozana ndi mawu amenewa. Ndi mawu a pasiwa awa mayi, opukuta misozi, ife tawasandutsa chikwapu chokwapulira ana.

Palinso kamawu kena m'vesi lomwelo koti kukakomana ndi Ambuye. Ine ndikanamasulira kuti kukachingamira. Mukudziwa momwe zimakhalira bishopu akamabwera ku Lifidzi kapena kwanuko, amayi amanyamuka mmawa ndi zitenje zofanana kukaima kumsewu, galimoto ikangotulukira nthungululu lululu, ndiye amatani? Sakwera nkubwerera naye ku Tete, amatembenuka nkumuperekeza ndi nyimbo mpaka pa tchalitchi. Mawu achigiriki a kukakomanawo ali pa Mateyu 25:6 pa anamwali okachingamira mkwati, alinso pa Machitidwe 28:15 pomwe abale a ku Roma anatuluka kukakumana ndi Paulo panjira nkulowa naye mumzinda. Nchifukwa chake Akatolika, a Reformada ndi mipingo ina yakale amaphunzitsa kuti kukwatulidwako ndi kubweranso kwa Yesu ndi tsiku limodzi, poyera, ndipo vesi 16 likunena za mfuu, mawu a mngelo wamkulu ndi lipenga, nanga chinsinsi chimakhala ndi lipenga?

Za mu vidiyozo, zoti Yesu adzayamba wabwera mwakachetechete kutenga ake, otsala nkuvutika zaka 7 kenako nkudzabweranso kachiwiri, anazifalitsa ndi John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren m'zaka za m'ma 1830, kenako zinalowa m'mawu ofotokozera a m'Baibulo la Scofield la 1909 nkufala ku America konse, amishoni nkubwera nazo kuno. Zaka 7 zo amazitenga pa Danieli 9:27. Abale athu ambiri a Pentekoste amakhulupirira chomwecho ndi mtima wonse, mlamu wanga weniweni ndi mkulu wa mpingo kumeneko timakangana chaka ndi chaka pokolola koma nsima timadya mbale imodzi, sindikunyoza munthu, kungoti kwa ine sizikundikwana. Amakonda Mateyu 24:40-41, awiri m'munda wina kutengedwa wina kusiyidwa, koma tawerengani mavesi a pamwamba pakepo, akukamba za Nowa, ndipo amene anatengedwa masiku a Nowa anatengedwa ndi madzi.

Ineyo mantha a mwana wanuyo ndikuwadziwa. Ndili mnyamata ku Domwe tinamva ulaliki wotere, mawa lake ndikuweruka kusukulu ndapeza pakhomo pali zii, mpoto uli pamoto ukubwata, mthiko uli pansi, chitenje cha amayi chili pakhonde, ndinalira ngati mbuzi yomangidwa kuti andisiya, kumbe onse athamangira kudimba ng'ombe zalowa mu kabichi.

Aja alemba pamwambapa kuti chaka chino sichitha, bambo, mlaliki wa ku America William Miller ndi anthu ake anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844 kunacha bwinobwino, mlaliki wina wa komweko Harold Camping anati 21 Meyi 2011 kunachanso, Mateyu 24:36 anatseka kale nkhani ya tsiku ndi ola.

Mwanayo madzulo ano khalani naye pamphasa, muwerenge naye kuyambira vesi 13 mpaka 18 pang'onopang'ono, mumusonyezenso Yohane 10:28 pomwe mawu omwe aja a kukwatula akubweranso koma Yesu akunena kuti palibe amene adzakwatule nkhosa zake m'dzanja lake. Kavidiyoko dilitani, ndipo foni usiku izigona kuchipinda kwanu.