Ulendo wa tapas ndi vinyo ku Sevilla: ndisankhe uti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Britain. Iwo ndi bambo a kunyumba akukapuma masiku angapo ku Sevilla, kummwera kwa Spain, mwezi wa Meyi. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Pa intaneti ndapeza maulendo ambirimbiri oyenda wapansi, munthu akukutsogolerani m'malo odyera tapas ndi kumwa vinyo. Ena akuti mayuro 40 munthu mmodzi, ena mpaka 100, koma zithunzi zake n'zofanana zokhazokha. Ndisankhe bwanji? Ine sindidya nkhumba, ndipo bambo samwa. Kodi sitingokataya ndalama?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi funso lomalizalo. Mukawerengera chakudya chokha, inde mukaluza, chifukwa kambale ka tapas, tizakudya tating'ono todya ndi chakumwa m'bala, ku Sevilla n'ka mayuro ochepa chabe, ndipo anthu awiri mutha kukhuta ndi ndalama yosafika theka la mtengo wa ulendowo. Chimene mumalipira ndi munthu wokutsogoleraniyo: amadziwa khomo lolowa, nthawi yofika, ndi chimene nyumba iliyonse imaphika bwino kuposa anzawo. N'chifukwa chake ine ndimati ulendo wotere uchitike usiku woyamba mutangofika. Mukauika tsiku lomaliza, zonse zimene mwaphunzirazo mukazigwiritsa ntchito kuti, ndege ili m'mawa?

Kadyedwe kake n'kosiyana ndi kamene mwazolowera ku Britain. Simukhala pansi n'kudikira kuti wina abwere ndi kabuku. Mumalowa m'bala yodzaza, phokoso lili pwirikiti, mumadzipanikiza mpaka pa kauntala, n'kuitana nokha woperekera. Mumadya kambale kamodzi kapena tiwiri chiimirire, kumwa katambula, kulipira, n'kupita khomo lina. Amene anaimapo pa chiwaya madzulo, kamtengo kali m'manja, akucheza ndi anthu osawadziwa, sangadabwe kwambiri. Chovuta n'chakuti mndandanda wa zakudya uli m'Chisipanishi, ndipo chakudya chimodzimodzi chimakhala ndi mitengo itatu: tapa, media ración ndi ración, kutanthauza kambale, mbale yapakati ndi mbale yaikulu yogawana. Malo ena mukakhala pa tebulo panja sakugulitsani timbale ting'onoting'ono ayi, koma zazikuluzo. Zinthu ngati izi wotsogolera wabwino amakuonetsani m'bala yoyamba yomweyo.

Tsono posankha, choyamba kuyang'ana si zithunzi koma chiwerengero cha anthu. Malo abwino ambiri ndi aang'ono, ena kauntala ndi migolo iwiri itatu yoikapo mbale basi. Gulu la anthu 20 silingalowemo. Kampani yotenga anthu ochuluka chotere ilibe kuchitira mwina, imakupititsani malo aakulu amene anagwirizana nawo kale, chakudya chikudikira pa tebulo, ndipo mumangodya ndi alendo anzanu osaonako mwini mudzi ndi mmodzi yemwe. Funani gulu losapitirira anthu 10, likakhala la 8 ndiye bwino kwambiri. Akapanda kulemba chiwerengero, afunseni. Akayankha mozungulira, asiyeni. Kusiyana kwa mayuro 40 ndi 100 kuja kawirikawiri kumagona pamenepa, komanso pa zakumwa, zimene ndifikepo.

Chachiwiri ndi nthawi yonyamukira. Anthu a ku Spain amadya nkhomaliro cha m'ma 2 koloko masana, mgonero kuyambira 9 koloko usiku. Pakati apa makhitchini ambiri amatseka, kuyambira cha m'ma 4 mpaka cha m'ma 8. Ulendo wonyamuka 5 koloko madzulo anaukonzera mimba za alendo, ndipo ungalowe m'malo okhawo amene satseka tsiku lonse, omwe nawonso amadalira alendo. Tengani woyamba cha m'ma 1 koloko masana, kapena wa pakati pa hafu 7 ndi hafu 8 usiku. Mudyeko kanthu madzulo kuti njala isakupwetekeni podikira. Mwezi wa Meyi dzuwa limakhala litayamba kale kuluma, ndiye wausiku ndi umene ndingakusankhireni. Mwachita bwino osapita Julaye kapena Ogasiti, pamene kutentha ku Sevilla kumapyola madigiri 40.

Onaninso dera limene akukupititsani. Santa Cruz, pafupi ndi tchalitchi chachikulu ndi nsanja ya Giralda, n'kokongola zedi ndi tinjira take topapatiza, koma kumeneko mukafikako nokha masana popita ku nyumba yachifumu ya Real Alcázar, ndipo ndi kumene alendo amathithikana. Ulendo umene ukutchula Triana, kutsidya kwa mtsinje wa Guadalquivir, kapena Alameda de Hércules ndi msewu wa Feria, ukuonetsa kuti anaukonza ndi munthu wodziwa mzinda. Ambiri amadzeranso ku El Rinconcillo, bala imene inayamba mu 1670. Alendo amadzaza kumenekonso, komabe ine sindingakuletseni: nyama zowumitsa zili lendelende kudenga, makoma a matailosi akale, ndipo mukadyera pa kauntala woperekera amalemba bilu yanu ndi choko pathabwa pomwepo, patsogolo panu, n'kufufuta mukalipira. Sipinachi wawo wophika ndi tchana ndi wodziwika mzinda wonse.

Za vinyo ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ulendo wabwino umasiyana ndi wachinyengo. Vinyo wa chigawo chimenechi ndi sherry, wochokera m'matauni atatu a kummwera kwa Sevilla: Jerez de la Frontera, Sanlúcar de Barrameda ndi El Puerto de Santa María. Ku Britain anthu ambiri amamudziwa ngati chakumwa chotsekemera cha agogo pa Khirisimasi, koma amene amamwedwa ndi tapas ndi wina. Fino ndi manzanilla ndi oyera, osatsekemera n'komwe, amamwedwa ozizira kwambiri, ndipo amagwirizana ndi maolivi ndi nsomba yokazinga. Amapangidwa ndi mphesa za palomino, ndipo akakhala m'migolo pamwamba pake pamayala yisiti yotchedwa flor, imene imatchinga mpweya n'kupatsa vinyoyo kakomedwe kakekake. Manzanilla amakhwimira ku Sanlúcar kokha, m'mbali mwa nyanja. Amontillado ndi oloroso ndi oderako ndi amphamvu, pamene Pedro Ximénez ndi wakuda, wotsekemera kwambiri, wa mphesa zoyanika padzuwa. Wotsogolera wodziwa ntchito yake amakulawitsani mitundu iwiri kapena itatu ya ameneyu n'kukufotokozerani chifukwa chake wamuika pambali pa mbale yakutiyakuti. Ulendo umene ukungolonjeza sangria yosatha, vinyo wosakaniza ndi zipatso, ndiutaye kutali. Eni mzinda akafuna chozizira amaitanitsa tinto de verano, vinyo wofiira wothira chakumwa cha gasi, kapena katambula ka mowa wa Cruzcampo, umene unayamba kufululidwa ku Sevilla konko mu 1904.

Chenjezo limodzi: fino amalowa mosavuta koma mphamvu yake ndi pafupifupi 15 peresenti, kuposa vinyo wamba. Matambula ake ndi aang'ono pa chifukwa. Muzimwa madzi pakati.

Alamu anga osamwawo asadandaule. Ku Spain mowa wopanda mphamvu umapezeka pafupifupi bala iliyonse, ndipo palibe amene amakuyang'ana modabwa. Ngati nawonso saufuna, pali madzi a mphesa otchedwa mosto. Koma apa asamale: m'chigawo cha Andalucía dzina lomweli limaperekedwanso kwa vinyo watsopano woledzeretsa, ndiye anene momveka kuti mosto sin alcohol. Musanalipire funsani ngati munthu wosamwa amamuchotserako mtengo. Ena amachotsa, ena ayi, koma kufunsa n'kwaulere. Funsaninso kuti zakumwa zophatikizidwa pa mtengowo n'zingati, chifukwa maulendo otchipa ena amangolipira tambula imodzi, zotsalazo n'za m'thumba mwanu.

Nkhani ya nkhumba ndiye yofunika kuigwira ndi manja awiri. Ku Spain nkhumba ili paliponse, ndipo nthawi zambiri imabisala. Nyama yowumitsa ija, jamón, imaoneka, simungaiphonye. Koma salmorejo, msuzi wozizira wa tomato ndi buledi, amauwaza tizidutswa ta jamón pamwamba pamodzi ndi dzira. Ma croquetas, timibulu tokazinga, ambiri mkati mwake muli jamón. Solomillo al whisky, carrillada ndi kasangweji ka pringá, zomwe ndi zakudya zonyaditsa mzindawu, n'zankhumba kawirikawiri, ndipo ngakhale timakeke tina amatikanda ndi mafuta a nkhumba. Kunena kuti simudya nyama sikokwanira, chifukwa operekera ena sawerengera jamón wowaza pamwamba ngati nyama. Mawu oti muwaloweze ndi awa: sin cerdo, sin jamón, kutanthauza popanda nkhumba, popanda jamón.

Musaope kuti mugona ndi njala. Pali sipinachi ndi tchana uja, pali tortilla ya mazira ndi mbatatesi, tinsomba ta boquerones tokazinga kapena toviika mu viniga, nsomba ya bacalao yokazinga mu ufa, mabiringanya okazinga othira uchi wa nzimbe, mbatatesi zothira mafuta a maolivi ndi anyezi, tchizi cha mkaka wa nkhosa, ndi mchira wa ng'ombe wophika mpaka kulekana ndi fupa. Simunanene chifukwa chimene simudyera nkhumba. Ngati n'zachipembedzo ndipo nkhanu, nsomba zopanda mamba kapena nyama yophika ndi vinyo nazonso simugwira, zinenenitu zonse, poti mchira wa ng'ombewo amauphika ndi vinyo, ndipo cazón, imene imakonda kupezeka m'mbale ya nsomba zokazinga, ndi mtundu wa shaki.

Ndiye chitani ichi: sankhani maulendo awiri kapena atatu, alembereni onse uthenga umodzimodzi wonena za nkhumba ndi za bambo, muone mayankho. Amene ayankhe kuti "palibe vuto" basi, sanaganizepo kanthu. Amene atchule mbale imene adzakupatseni m'malo mwa yankhumba pa khomo lililonse, ameneyo ndiye wanu. Mayeso amenewa amaposa nyenyezi zonse za pa Tripadvisor, tsamba la ndemanga za alendo.

Ndemanga za anthu muziwerengabe, koma yambani ndi zaposachedwa ndi za nyenyezi zitatu, chifukwa ndi mmene anthu amanena zoona: chakudya chinachepa, tinathamangitsidwa, wotsogolera sankamveka. Ndemanga zotchula wotsogolera ndi dzina n'chizindikiro chabwino. Ulendo wa maola atatu kapena atatu ndi theka, malo atatu kapena anayi, ndi wokwanira. Olonjeza malo 7 amakuyendetsani chothamanga, kulawa kokhakokha osakhuta. Ambiri mwa maulendowa mumawapeza pa GetYourGuide, Viator kapena Airbnb, amene amadulapo gawo lawo, ndiye mukapeza dzina la kampani yeniyeni onaninso tsamba lake, mwina mtengo n'kutsikako. Aja olembedwa kuti ndi aulere amakhala a mbiri ya mzinda, wotsogolera amadalira kangachepe kamene mumupatse pomaliza, ndipo chakudya mumagula nokha.

Masiku anu muwayang'anenso pa kalendala. Chikondwerero cha Feria de Abril chimabwera pakapita milungu pafupifupi iwiri Pasaka atatha, ndipo zaka zina chimalowa mu Meyi. Sabata imeneyo mahotela amakwera mtengo ndipo eni mzinda ambiri amakhala ku bwalo la chikondwerero, osati m'mabala a m'tauni. Malo ena amatsekanso Lamlungu usiku kapena Lolemba. Ngati mungapitirire mpaka ku Granada, kumeneko musalipirenso wotsogolera wina: mabala ambiri amakupatsani kambale kaulere pa chakumwa chilichonse chimene mwagula, ndipo pofika pamenepo mudzakhala mutazolowera kuitana nokha pa kauntala. Kungoti poti kambaleko amasankha ndi iwo, mawu anu a sin cerdo muwanene poitanitsa chakumwa.

Valani nsapato zafulati, misewu yake ndi yamiyala. Pothera pa ulendo mupempheni wotsogolerayo akulembereni malo ena atatu oti mukayese nokha mawa lake, ndipo ngati wakusangalatsani mupatseni kangachepe, ngakhale ku Spain sikokakamiza.

Simunandiuze pasipoti imene muli nayo. Ngati ikadali ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Spain. Mufunika viza ya Schengen, imene kuyambira Juni 2024 ndi mayuro 90 munthu wamkulu, ndipo malo okaperekera mafomu amadzaza msanga chilimwe chikamayandikira. Choncho sungitsani malo pa ulendo umene umalola kubweza ndalama mukasintha maganizo kutatsala maola 24, ndipo wosabweza ndalama musaulipire viza isanatuluke.