Sutikesi ya ana ikapanda kufika

Mayi mnzanga, mwafunsa choti muchite sutikesi ya ana ikapanda kufika ku Johannesburg pochokera ku London. Musatuluke pabwalo la ndege musanalembetse fomu ya PIR (fomu yodziwitsa kampani ya ndege kuti katundu wanu sanafike) pa desiki ya katundu wosowa, ndipo sungani kastika kaja amamata pa tikiti.

Ifeyo zinatigwera usiku, wamng'ono akulira, matewera ndi mankhwala ake a mphumu zili m'sutikesi yosowayo. Mtima unandiwawa koopsa, ndiye mankhwala okha chonde muziwasunga m'chikwama cha m'manja. Tinagula zofunikira n'kusunga malisiti onse, kenako kampani ya ndegeyo inatibwezera ndalama. Pangano la Montreal la 1999, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko pa maulendo a pandege, limakupatsani masiku 21 chilandirireni katundu wochedwayo kuti mulembe dandaulo lanu.