Kutchalitchi ndimapemphera bwino, koma ndikakhala ndekha mawu amathawa

Sabata yatha ndalandira email yochokera kwa asisi ena a ku Chawama, dzina anati ndisatchule ndiye sinditchula. Amagulitsa salaula ku msika wa Soweto ku Lusaka, ana atatu, nyumba ya zipinda ziwiri mu komboni. Akuti kutchalitchi kapena ku ovanaiti amapemphera mpaka mawu kusasa, koma akangogwada okha kunyumba m'mutu mumangobwera za chilimba, lenti, belo la salaula lomwe silikuyenda, kenako tulo basi. Anamaliza ndi funso loti, "Kodi ndine mkhristu wachinyengo? Ndiyambire pati?"

Asisi, wachinyengo sangataye mabandulo ake kulemba email yotere, ndiye nkhawa imeneyo ichotseni kaye.

Ine ndemwe ndinagwapo. Chaka china nditabwera ku ovanaiti mtima uli moto ndinatchera alamu 03:00 ati ndizipemphera ola lathunthu tsiku lililonse. Tsiku loyamba zinayenda, lachiwiri ndinayesetsa, lachitatu akazi anga anandipeza ndagona chogwada, chipumi pa mpando, mate mpaka pa Baibulo la agogo lija tinabwera nalo kuchokera ku Katete, Buku Lopatulika lachikuto chakuda lomwe masamba ake a Masalimo anachita kuda ndi zala. Ndinachita manyazi moti ndinasiyiratu miyezi ingapo. Ndinanyamula mtolo wosalingana ndi khosi langa.

Chimene chimandidabwitsa ndi ichi, dziko lathu la Zambia analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991 nthawi ya a Chiluba, ndipo kuyambira 2015 tili ndi holide ya mapemphero pa 18 Okutobala, masipika Lamlungu amamveka kuchokera Matero mpaka Mtendere, koma ndi angati a ife amene wina anatikhazika pansi nkutiphunzitsa kupemphera tili tokha? Tinaphunzira kupemphera pagulu, pali kiyibodi, pali wina akukuwa pa maiki, mnzako pambali akulira, ndiye iwe umangotengeka ngati tsamba pamadzi. Kunyumba kulibe zonsezo. Kuli ntchentche, mwana akutsokomola, ndi aneba akukangana kuseri kwa khoma. Ngakhale ophunzira a Yesu, anthu oti anakulira m'sunagoge, pa Luka 11:1 anachita kumupempha kuti awaphunzitse kupemphera, ndipo chomwe anawapatsa ndi Atate Wathu, pemphero loti silikwana ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndiye langizo langa lalikulu ndi ili, musasake nthawi yatsopano, simuipeza. Pemphero lanu limangirireni pa chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse. Munalemba kuti mumadzuka 04:30 kuyatsa mbaula ya madzi osamba ana. Makala aja sagwira moto pompo, pamapita mphindi mwina khumi muli kukupiza, ana akadali mtulo, foni siinayambe kulira. Chipinda chanu ndi chimenecho. Ndikudziwa pa Mateyu 6:6 akunena zolowa m'chipinda ndi kutseka chitseko, ndipo munaseka nokha mu email kuti chipinda chake chiti poti china mumagona inu china ana, koma nkhani pamenepo ndi yoti musapemphere kuti anthu akuoneni. Pakhonde mumdima, chitenje pamapewa, utsi m'maso, ndani akukuonani? Yesu mwini wake pa Maliko 1:35 anachita kutuluka panja kusanache.

Manje za mawu othawa. Ine chomwe chinandithandiza ndi kusiya kudzikakamiza kupeka mawu okoma. Tsegulani Salimo limodzi, alipo 150, muwerenge motsitsa ngati ndinu mukulankhula. Ena mudzadabwa nawo, ngati Salimo 88, munthu akudandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza osasintha nkomwe kukhala nyimbo yachimwemwe, limathera mumdima momwemo, koma analisiya m'Baibulo. Ine nditaliwerenga koyamba nthawi yomwe ntchito inandithera ndinapuma, ndinati kani kudandaula kwa Mulungu ndi kololedwa. Kapena tengani Atate Wathu pang'onopang'ono, mukafika pa chakudya chalero imani, tchulani unga womwe watsala pang'ono m'thumba, tchulani fizi ya mwana. Mukafika pokhululukira, tchulani dzina la mayi uja anathawa ndi ndalama za chilimba, ngakhale mtima ukuwawa. Apo ndiye pamavuta zedi, ine pena ndimapadumpha, kunama nkoipa.

Maganizo a lenti ndi belo aja musalimbane nawo ngati ndi ziwanda. Abwera chifukwa ndiwo ali pamtima, ndiye alowetseni m'pemphero momwemo, "Ambuye, alandilodi abwera Lachisanu ndipo ndilibe." Limenelo ndi pemphero lokwanira. Hana uja pa 1 Samueli 1 milomo yokha ndiyo inkagwedera, mawu osamveka, mpaka Eli kumuyesa woledzera, ndiye kusakuwa kusakudetseni nkhawa.

Masana ndi nkhani yachidule. Danieli ankapemphera katatu pa tsiku, Nehemiya anapemphera kamphindi ali chiimire pamaso pa mfumu asanayankhe funso. Inunso mu minibasi yopita ku tauni, mwapanikizana anayi pa mpando, kondakita akulimbana ndi wina za chenji, mutha kunena chiganizo chimodzi mumtima. Musanadule belo chimodzimodzi.

Foni yokha ndiye chonde isiyeni m'nyumba. Ena amati Baibulo lawo lili pa foni, ee ndamva, koma WhatsApp ilinso pomwepo ndipo tonse tikudziwa amene amapambana.

Tsiku lina mudzagonereza, lina makala adzakhala atatha, lina simudzamva kalikonse mumtima ngati mukulankhula ndi khoma. Mawa lake mungobwerera pa mbaula paja osayamba ndi kudzitukwana. Kutchalitchi musasiye, ovanaiti pitani mukafuna, sindikutsutsa zimenezo.

Munafunsanso za kusala kudya pomwe muli pa mankhwala a BP, imeneyo yambani mwafunsa ku kiliniki, tidzaikamba payokha. Yesani za mbaulazi mwezi umodzi kenako mundilembere, mundiuzenso ngati belo lija linatha.