Kachotupa kolimba pachipumi pa mwana wanga

FUNSO: Adokotala ndithandizeni, mwana wanga wa zaka 15 ali ndi kachotupa kolimba gwa pachipumi, mukakagwira sikasuntha komanso sikapweteka koma masiku ano akumangodandaula mutu ndi mphuno kutseka. Kuchipatala anamujambula nkutiuza kuti ndi osteoma, akuti si khansa koma ine tulo sindikuona ayi. Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, mtima m'malo kaye. Osteoma ndi fupa lomwe langokula mopitirira pamalo amodzi basi, limakula pang'onopang'ono kwambiri, silifalikira m'thupi ndipo silisanduka khansa. Ambiri amakhala nalo osadziwa nkomwe.

Nkhani yagona pa malo pomwe lamera. Likakhala kunja kwa chigaza nthawi zambiri limangonyasa m'maso, koma likamerera mkati mwa timphako ta mpweya tomwe tili kuseri kwa chipumi, ma sinus aja, limatha kutseka njira ya mamina ndiye mutu uja nkumapweteka, chimfine osatha, penanso likakula limakankha diso. Komatu mutu wa mwana wa msinkhu umenewu umabweranso ndi zina, kugona mochedwa ali pafoni kapena maso ofuna magalasi, ndiye funsani ngati CT scan, chithunzi chapadera choonetsa mkati mwa mutu, ikuonetsa kuti fupalo lakhudza ma sinus. Ngati silikuvuta amangoliyang'anira, opaleshoni amapanga likamakula kapena likamasowetsa mtendere.

Akayamba kusanza m'mawa, kuona zinthu ziwiriziwiri, diso kutuzuka kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo zotupazi zikakhala zingapo muwauze madokotala, poti nthawi zina zimayendera limodzi ndi matenda akumtundu a m'matumbo otchedwa Gardner syndrome.